Mano a Tayala

Inafika Lachiwiri, mvula itangokata,
yofiira, yaifupi, mimba pafupi ndi dothi,
ikulira chapansipansi ngati galu wosafuna kudzutsidwa.
Anyamata a kabaza pa Matawale anasiya kukangana za mpira.
Twaibu, mnyamata wanga wa ntchito,
anapukuta manja kawiri asanaikhudze.

Anatsika Mayi Nakhumwa,
magalasi pamphumi, makiyi akulendewera pachala.
"Dzulo inandivinitsa," anatero,
"pa kona ija potsika ku Chawe,
pomwe ana amagulitsa masitirobere.
Ine ndaponda buleki, iyo yaganiza zake."

Ndinagwada. Ntchito yathuyi ndi yogwada.
Ndinalowetsa mutu wa machesi m'mzere wa tayala,
mutuwo unatsala panja, ukundiyang'ana.
Mano atha, mayi.
Lasalala ngati dazi la aphunzitsi athu a masamu,
m'mbali mwang'ambikang'ambika ngati chidendene m'chilimwe.
Manambala anayi awa akunena za kubadwa kwake:
ndi omwe inatuluka nawo kufakitale,
anakwera nayo sitima, anatsika nayo padoko.
Anawaumbira misewu yosadziwa dzenje,
ife tinawapatsa wa ku Jali
ndi mahampu a pa Chinamwali.

Anakhala chete kanthawi.
"Ndi omwe ankayendera achimwene anga."
Sindinafunse.
Pagalasi panali kadisiki ka inshuwalansi kakalekale,
kofwifwa ndi dzuwa, kosamatula,
katsopano atakamata pambali pake.

A kaunjika ndili nawo, ndinatero, otsika mtengo,
koma galimoto iyi siyenda, imathawa,
ndipo wothamanga savala nsapato zobwereka.
Tinaimba foni ku Limbe.
Anayi, ofanana, opyapyala m'mbali.
Atatchula mtengo, ngakhale kompuresa inatsokomola.
Anabwera Lachinayi pa minibasi,
atakhala mpando wakumbuyo,
olipiridwa ngati anthu.

Jeke. Sipanala.
Manati Twaibu amawasunga m'chipewa kuti asasochere m'matope.
Limu ya galimoto yotere suimenya ndi chitsulo ngati ya lole;
umaipaka sopo, umainyengerera.
Tayala likakhala pamalo pake limalira kamodzi, phu!
nkhuku za kwa Che Ajibu n'kubalalika.
Muvi wa m'mbali uloze kutsogolo.
Manati umamanga modumphitsa,
ili, kenako la kutsidya, kenako kubwerera,
kuti pasakhale lina losenza katundu lokha.

Magetsi anazima tili pa lachitatu.
Lomaliza tinapopa ndi phazi, mosinthana,
mayi aja nawonso anaponda kakhumi
ndi nsapato zawo za kuofesi.

Sabata ino musathamange, ndinawauza.
Atsopano amaterera, akadali alendo,
audziwe kaye msewu.
Apo m'pamene anaseka koyamba.

Akale aja nkhwaila sapanga, ali ndi waya m'kati.
Limodzi lakwera padenga kwa Twaibu,
likupanikiza malata mphepo ikamatsika m'phiri.
Lina ana a kuseri kwa chigayo akuliyendetsa ndi ndodo,
akulira ndi pakamwa, akusintha magiya,
liwiro lomwe silinalionepo.
Lachitatu ndakhalira pano.

Lakutsogolo kumanja, la pansi pa woyendetsa,
anati tiwaikire m'buti.
Twaibu anafuna kulitsuka kaye.
"Ayi," anatero, "lisiye ndi fumbi lake."

Madzulo, ndikukolopa manja ndi mchenga ndi sopo,
ndinaimva ikukwera phiri.
Suisokoneza ndi ina.
Inalira, inameza mawu, inaliranso,
ine ndikuwerenga makona ndi khutu:
yoyamba, yachiwiri,
ija ya masitirobere.
Madzi anali kudontha m'zala, akuda bii.
Ndinadikira.

Inasintha giya,
inapitirira.