Tepi ya Boma

Ndine telala ku Jeppe,
kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala.
Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuyeza anthu a m'Joni muno,
ndipo sindinaonepo mapewa awiri ofanana,
ngakhale pa munthu mmodzi.

Lero Ndaziona wayamba matiriki.
Wadzuka folo koloko, magetsi atazima,
nawerenga ndi tochi ya foni mpaka batire kufiira.
Siketi wavalayo ndinasoka ndekha ali mu giredi teni,
ndinapinda mpendero waukulu
poti mwana sakula motsatira kalendala.

Nalo Boma lili ndi tepi yake.
Imodzi yokha, yochokera ku Pitoliya
itamatidwa m'pulasitiki.
Naini koloko ikakwana aidula kukamwa ndi sizasi,
mphindi yomweyo ku Sandton,
kumene mwana watsika m'galimoto akutafuna apulo,
mphindi yomweyo kuno ku Malvern,
kumene ana makumi asanu ndi atatu amapumirana m'khosi
ndipo mphunzitsi wa masamu anachoka mwezi wa Juni
osabweranso.

Musandimve molakwa.
Tepi yotamuka ndi ya mbala, ndikudziwa.
Inchi ikhale inchi kwa mwana wa bwana
ndi kwa mwana wa ine wobwera.
Koma ine ndikamuyeza munthu, ndimamusokera.
Sindimuuza kuti, chifuwa chako chaperewera, pita,
kenako n'kupachika nambala yake pakhoma.

Pa fomu panali timabokosi khumi ndi titatu ta chiphaso.
Ndaziona anabadwira ku Hillbrow, mvula ya matalala ikugwa,
koma timabokosi sitimva za matalala.
Ndinatseka shopu masiku atatu,
kupolisi, kuofesi, kupolisinso,
kufuna chidindo chonena kuti mwana amene ndaima nayeyu alipo.

Pepala silidzamufunsa
momwe amalozera chala kuti tekisi ya ku Bree iime,
momwe amawerengera chenji cha anthu khumi ndi asanu
ali pampando wakutsogolo, dalaivala akutukwana.
Silidzamufunsa za tsiku lija kuchipatala
pamene anatenga ululu wa mayi ake m'Chichewa
nauika m'Chizulu kuti nesi amve,
osatayapo ngakhale dontho.
Zimenezo zilibe malikisi.
Malikisi ali pa ndakatulo ya Chiafirikansi
yomwe amaloweza akutsuka mbale,
ngati munthu womeza mankhwala a wina.

Ahedi awo, a Mofokeng, nawonso sagona.
Akuti sukulu ikatsika pa mndandanda, kumabwera magalimoto a kuchigawo.
Ndiye chaka chatha anasefa.
Lindokuhle wa nyumba yoyandikana nafe anamuuza abwereze,
kuti peresenti iwale.
Pano amatsuka magalimoto pa Jules.
Ndikamadutsa amandipatsa moni, ine ndimayang'ana pansi.

Thwelofu koloko. Makina anga ndaimitsa.
Pakali pano woyang'anira akuti, zolembera pansi.
Mwana wanga si Ndaziona m'holo imeneyo,
ndi manambala ondondozana pakona ya pepala,
ndipo amene adzachonge sadzadziwa
kuti dzanja limeneli limadziwa kulowetsa ulusi m'singano mumdima.
Mwina n'chilungamo chimenecho.
Mwina ndi khungu chabe lovala taye.

Wafika madzulo, inki ili pachala.
Zayenda bwanji?
Akuti funso lachisanu silinali m'buku lawo,
linali m'buku lija sukulu inalonjeza.
Wadya chimwendo, watsegula kope la mawa.

Januwale akadali kutali.
Ndaona kuti siketi yafupikanso, mawondo ayamba kuonekera.
Ndati, taima apa.
Ndagwada ndi tepi yanga yakale, yofufutika manambala,
mapini ali kukamwa,
ndamasula mpendero uja ndinabisa zaka ziwiri zapitazo.
Nsalu inalipo.
Inkangodikira kuti mwini wake afike.