Dontho m'Diso

Botolo linachokera m'tauni pa kombi,
lili m'chitini, pakati pa ayezi.
Ndinalifungatira ngati khanda la eni
mpaka ku Dzivarasekwa, thukuta lili kamukamu,
poti Rutendo wogulitsa mankhwala anachenjeza:
likafunda lafa, likatsekulidwa lisagone.

Nkhuku zana ndi makumi anayi.
Esinati kugwira, ine kudontheza,
diso limodzi, dontho limodzi,
dikira iphethire, ndiye uiponye kuseri kwa katoni.
Yachisanu ndi chiwiri inandijompha chala.
Tinamaliza msana utauma gwa.

Usiku wachitatu, magetsi atathima,
ndinamva: tsi.
Kenako pakona ina: tsi, tsi.
Khola lonse kuyetsemula mumdima,
kaphokoso komwe kaja ka chaka chatha
pamene chitopa chinatisesa,
ine n'kukwirira fizi ya Lameki kuseri kwa chimbudzi,
makosi atapotoka, milomo ili yasa.

Ndinalowa ndi tochi.
Zili zyolizyoli, maso a misozi,
madeya osakhudzidwa m'chodyera.
Esinati ali pakhomo, chitenje kukhosi:
“Mwakagula matenda ndi ndalama zanu, bambo.”
Ndinalibe choyankha
koma mawu obwereka kwa mwana wa dzana uja:
kachilomboka n'kogweruka mano,
tikatumiza dala kakagogode,
magazi akaone nkhope yake, aisunge,
kuti mwini wake akadzabwera ndi nkhwangwa
adzapeze chitseko chili chopiringidza.

Bambo anga, a ku Ntcheu aja,
ankasinja tsabola ndi phulusa m'madzi
n'kusiyira zotsalazo Mulungu.
Usiku umenewo ndinawaganizira.
Tsabola ndinamugwira ndithu m'manja,
n'kumubwezera m'mbale.

Lachinayi, chimodzimodzi.
Lachisanu, sindikudziwa, ndinkangomvetsera.

Lachisanu ndi chimodzi mamawa
imodzi ili gada, kaja kopunduka mwendo
kamene zinzake zinkakaponda kuyambira kale.
Zotsalazo zagubuduza chomwera,
zikulimbirana madeya, kukwerana pamsana,
ina yaima pa njerwa kuyesa kulira
ndi mawu osapsa, ngati geti la dzimbiri.
Esinati sananene kanthu.
Anangokatunga madzi ena.

Madzulo ano, kuseri kwa mpanda,
za Mai Mutasa zayamba kukhosomola,
kuja kozama, kokoka mpweya ngati mluzu.
Zanga zatukula mitu, zamvetsera,
zabwerera pa chakudya.

Ndalemba ndi khala pachitseko cha khola
tsiku lodzabwereza.
Chala chija sichinapolebe.