Kusankha Mbatatesi pa Lizulu

Ndalama za feteleza ndinazibisa m'sokosi,
m'thumba la jekete losavala.
Lolemba m'mawa sokosi ija ndinaipeza yopepuka.
Lufeyo anali pabwalo, akupukuta njinga yamoto,
kupukuta pamodzimodzi,
osandiyang'ana.

Mawu anafika pakhosi onse pamodzi,
ena a tsikulo, ena a chaka chatha,
ena okhudza mayi ake amene sanalakwe kanthu.
Ndinawameza ndi tiyi wopanda shuga.
Sanali mantha ayi.
Lilime langa ndimalidziwa likatentha:
limatumbula ndi pomwe sipanatupe.

Pa Lizulu nkhungu inali isanachoke.
Ndinakhuthulira mbatatesi pachiguduli,
zazikulu uku, zazing'ono uko,
zowola kutali, zisapatsire zinzake.
Esinta wa kabichi anati,
"Ine zovala zake ndikanaziponya pamsewu,
aone basi ya ku Lilongwe ikuziponda."
Tinaseka mpaka kutsokomola.
Manja okha sanaleke ntchito.

Pofika masana, mkwiyo nawo ndinali nditausankha.
Za ndalama, zimenezo zimabwera n'kupita.
Za chaka chatha, zowola, kudzala.
Pansi pa ndowa panatsala kamodzi,
kakang'ono, kolimba ngati mwala:
sanandifunse.

Madzulo ndinadikira ana agone,
ndinadikira avule nsapato zonyowa.
"Lufeyo, munatenga osandiuza.
Ndadzimva mlendo m'nyumba yanga yomwe."
Basi. Ndinamusiyira malo.

Panadutsa chete wautali ngati msewu wa ku Tsangano.
Kenako anayamba, maso ali pazala:
apolisi pa rodibuloko, njinga kugwidwa,
mwini wake kuopseza kuti aipereka kwa wina.
"Ndinachita manyazi kukupempha."
Ndipo ndinamuona bwino,
munthu amene manyazi anamufumbwa sabata yathunthu
ine ndikugona pambali pake osamva.

Ndinamumvetsa. Koma kumvetsa si lisiti.
"Manyazi anu musamawalipire mumdima ndi thukuta langa.
Lachisanu lililonse muzibweza pang'ono.
Mvula siyembekeza munthu."
Anagwedeza mutu kuvomera,
nafunsa ngati m'ketulo mwatsala madzi.

Usiku mphepo ya ku Mozambiki inalowera pansi pa chitseko.
Bulangete tili nalo limodzi.
Mkwiyo unali usanathe wonse,
komabe mbali yake ndinamusiyira.