Mafunde a Bwato Langa

Ndimawanyamulira padoko la Tha Chang,
asanu ndi atatu, tsiku labwino khumi,
khungu lapsa ngati nkhanu yowiritsa,
zipewa zatsopano, kapepala ka mtengo kakulendewerabe.
Amafunsa, "Bangkok weniweni ali kuti?"
Ndimaloza kutsidya, ku Thonburi,
n'kuliza injini.

Injiniyi inali ya lole yomwe inafera pamsewu.
Ndinaiukitsa ndekha, n'kuimangirira mchira wautali.
Ikabangula, ngalande zonse zimadziwa
kuti mwana wa a Lamyai wadzuka.

Pakachisi timaima.
Mlongo wanga Sunee amawagulitsa buledi wadzana,
milamba n'kudzapiringizana, yonenepa ngati mabwana.
Palibe woiwedza, ili pakhomo pa amonke.
Sunee ndi ine sitipatsana moni:
mlendo akadziwa kuti ndife a bere limodzi
amatseka chikwama.

Kenako pokhota, pamtengo wa mango wopendekeka,
pali nyumba yamatabwa yoima pamizati isanu ndi inayi.
Kale inali khumi ndi iwiri.
Pakhonde mayi wokalamba akuchapa.
Mafoni onse m'mwamba.
"Taonani moyo wosalira zambiri!"
Wina akuti ndichepetse liwiro,
wina akufunsa ngati mayiyo amamwa madzi omwewa.
Ndimati sindikudziwa.
Amayi amakweza dzanja lathovu,
alendo n'kumabweza moni,
koma ine ndimawerenga zala:
chimodzi, ubwere ndi mpunga;
ziwiri, mankhwala a shuga atha.

Tikadutsa sindicheuka.
Ndikudziwa chotsala m'mbuyo mwanga,
funde langa lomwe, likukwawa mpaka pansi pa nyumba,
phwa! phwa! pamizati,
kasanu patsiku, nyengo ya alendo kakhumi.
Ndalama ya ulendo wam'mawa ndi ya chakudya,
ya masana ndi ya mafuta,
ya madzulo ndimasungira mzati
umene wagwedezeka m'mawa ndi masana.

Chaka cha mliri ngalande inagona tulo.
Madzi anadekha mpaka tinkaonamo nkhope zathu,
mizati inapuma,
ng'azi zinkaothera dzuwa pamasitepe opanda mantha.
Tinagulitsa wailesi, kenako firiji,
kenako mphete ya malemu bambo.
Usiku wina amayi anati,
"Thawee, bata limeneli silidyeka."

Lero mtsikana wina wochokera kudziko la chipale
wandionetsa chithunzi pafoni yake:
amayi, beseni, thovu,
zala ziwiri m'mwamba.
Akuti kwawo chimenecho n'chizindikiro cha mtendere,
akachipachika pabalaza, pamwamba pa mpando,
kuti akatopa ndi ntchito aziyang'ana
munthu wosadziwa nkhawa.

Ndavomera ndi mutu.
Wandiwonjezera ma baht zana, ndaweramitsa mutu pamanja.
Akadali pamasitepe a doko kufunafuna mthunzi
ndamanga bwato mfundo imodzi yokha,
patapata kumanja,
liwiro la kusitolo ya mankhwala
asanatsitse chitseko.