Buku la Pansi pa Mwendo wa Tebulo

Mayi Lamara Tsiklauri akuti maso awo afooka,
ndiye ndiwalembere ndine chidziwitso
chokamata pa chitseko cha famase ku Gldani.
Ndakwera nsanjika zisanu ndi zitatu wapansi
chifukwa chikepe cha m'nyumba muno chimadya khobidi,
ndipo ine, monga kale lomwe, ndilibe.

Ndikuti, tiyambe ndi maphunziro anu.
Akuloza pansi ndi chibwano.
Buku limene anapatsidwira digiri yachitatu,
masamba mazana atatu ofotokoza
mmene madzi amakankhira khoma la damu,
lili pansi pa mwendo waufupi wa tebulo
kuyambira chaka chimene ofesi yawo inatsekedwa,
magetsi akubwera ngati mlendo wosalonjeza.
"Lemba kuti likugwirabe ntchito.
Tiyi satayika."

Ndikuti, mwaphunzitsa zaka zingati?
Iwo sawerenga zaka, amawerenga mipando.
Uwu anathyola ndi Guram, wokonda kupendekera m'mbuyo,
lero akuyendetsa sitima za pansi pa nthaka.
Apa pankakhala Mzia, wolira chamumtima
akangoona zilembo zalowerera pakati pa manambala
ngati alendo osadziwika pa maliro.
"Wapazenerawo ndi wako.
Nkhunda unkazidziwa mayina, koma katatu kasanu ndi kawiri, ayi."

Ndinafika muno ndili ndi zaka khumi ndi zinayi,
m'manja muli pepala la mayeso
lofiira ngati epuloni ya m'butchala.
Yankho lolondola sanalifune n'komwe.
Anangoti, "Ndionetse pamene unasochera."
Tinabwerera mzere ndi mzere
monga wotaya kiyi amalondola mapazi ake,
mpaka tinakapeza kachizindikiro kochotsera
kali kokhakokha pa mzere wachitatu,
pamene ndinakasiya ndikuthamangira kumapeto.
Anakazunguliza ndi pensulo nati,
"Kadziwe bwino nkhope, kabweranso Lachinayi."
Kanabweradi.
Kanabwera mpaka chisanu chinatha.

Anali ndi kope la zolakwa zathu,
aliyense tsamba lake, tsiku ndi mwezi,
ndipo ankalisunga m'kabati ya mbale zadothi
zimene amatulutsa pakabwera alendo.
Magawo tinkaphunzirira pa mtedza wosweka:
wopeza yankho adye,
wolephera adyenso, koma ayambe wafotokoza.
Ukati "sindikudziwa," ankapita kukatereka madzi,
n'kukusiya ndi funso lako, awiriwiri,
mpaka ketulo italira.
Nthawi zambiri iwe unkayamba kulankhula ketulo isanatero.

Zonsezi ndizipanikiza bwanji
pa kapepala kokwana pa chikhatho?

Ndalemba: woleza mtima.
Afufuta. "Bodza. Ndinakugenda ndi chofufutira kawiri."
Katatu, mayi.
Ndalemba: ana onse amakhoza.
Afufutanso, mwamphamvu, pepala lachita kuboola.
"Tamaz sanakhoze. Anayesa kawiri.
Amabwerabe Loweruka kudzandikonzera mpope,
ndipo sanadulepo paipi yoperewera."
Nanga mtengo wake?
Akuyang'ana botolo la uchi pa shelefu,
thumba la mbatata kuseri kwa chitseko,
nsapato zimene bambo a Mzia anasoka kawiri.
"Mtengo usalembe. Anthu angachite manyazi."

Chatsala n'chochepa:
Masamu, masana, nsanjika yachisanu ndi chitatu.
Bwerani ndi khobidi la chikepe
ndi kope limene munalakwitsamo kwambiri.

M'munsi mwa pepala ndadula timizere khumi,
kalikonse ndi nambala yawo ya foni,
kuti wodutsa azingothothola n'kuika m'thumba.
Avala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake,
akuyenda ndi chala kamzere ndi kamzere.
Pa kachisanu ndi chiwiri chala chaima.

Sakundiuza kanthu.
Andikankhira pensulo,
anyamuka kukatereka madzi.

Ine, bambo wa ana awiri, wowerengera ndalama za kampani,
ndakhala pa mpando wapazenera,
kunja nkhunda zikutera,
ndikufunafuna pamene ndinasochera.