Chingwe Chopanda Galu

Malipiro anga akuchipatala amabwera pa 5.
Pofika pa 17 ndimatsala ndi fungo lokha,
ngati la sopo amene ndimachapira nsalu za odwala.
M'sitolo yapangodya mitengo amalemba ndi choko,
wam'mawa wina, wamadzulo wina.
Buenos Aires yonse ikudziwa kuti peso ndi madzi a m'dzanja.

Ndiye ndili ndi kope lofiira.
Tsamba loyamba ndi la ma empanada,
madazeni asanu ndi limodzi Lamulungu lililonse,
anyezi wambiri, nyama yongonunkhiritsa,
pamsika wa Mataderos, pafupi ndi bambo wonola mipeni.
Lachiwiri ndi la galaja ya malemu mwamuna wanga
momwe tsopano mumagona njinga yamoto ya mnyamata woperekera pitsa.
Ndinkapindanso mathalauza
koma maso ayamba kukangana ndi singano.

Agalu ali patsamba lachitatu.
Ndikaweruka 2 koloko, nsapato zoyera zikadali kuphazi,
ndimawatola khomo ndi khomo,
zingwe zisanu m'chiuno mwanga,
aliyense akukokera kumtengo wakewake.
Wina mwa iwo amadya nyama imene mwana wanga Lisandro
amangoionera pagalasi la butchala.
Zimene asiya m'njira ndimatola ndi kapulasitiki
ndipo sindiweramitsa nkhope wodziwana naye akamadutsa.

Mkulu wanga Herminia amati mapanga awiri avumbwitsa.
Ndimamuyankha kuti anga ndi anayi, ndinavumbwa kalekale,
koma lendi ndalipira. Nanga yako?

Wachisanu anali Fideo,
kagalu ka Don Anselmo Brizuela, aja ankakonza mawotchi,
kaimvi kukamwa, kotsimphina mwendo wakumbuyo.
Kanafa mu Julaye, chisanu chitafika m'mafupa.
Ndinakhwatcha dzina lake m'kope n'kuwerengera:
yapita ndalama ya gasi.
Ndiulule, ndinayamba kulira gasiyo.
Galu ndinamulira pambuyo.

Lachiwiri lotsatira foni inaitana.
"Nélida, 3 koloko yakwana. Simukubwera?"
Ndinawapeza ataima pakhomo,
chipewa kumutu, jekete lonunkha m'sutikesi,
chingwe atachikulunga m'dzanja lamanzere,
envelopu ikusuzumira m'thumba monga mwa nthawi zonse.
"Mtengo ndi womwewo," anatero.
"Ine sindikoka kwambiri."

Tinayenda.
Agalu anayi patsogolo, iwo pambali panga,
phazi ndi phazi, ngati akuwerenga matailosi a m'mbali mwa msewu.
Amaima pamtengo uliwonse pamene Fideo ankaima,
ine n'kumayang'ana mabasi.
Amandiuza za wotchi ya dokotala wina
imene inkathamanga mphindi zitatu, zaka makumi awiri,
mwiniwake osalola kuti aikonze.
Akazi awo sawatchula.
Galunso samutchula.

Envelopu ndinalandira. Musandiyang'ane choncho.
Chisoni sichiyatsa chitofu,
ndipo munthu amene wadya za manja ake moyo wonse
ukamuyendetsa mwaulere wamuvula jekete pagulu.

Vuto limabwera usiku, Lisandro atagona,
ndikatsegula kope pathebulo lakukhitchini.
Ndalamayi ndiilembe pati?
Kwa agalu, ayi.
Ndinatsegula tsamba lina, lopanda mutu,
deti ndi nambala basi,
ndipo likudzaza msanga kuposa la galaja.

Mwezi watha ndinakwezera onse mitengo.
Mnyamata wa pitsa anang'ung'udza, analipira.
Eni agalu anapukusa mitu, analipira.
Pofika patsamba lija cholembera chinaima,
ndinachitseka, ndinakagona.

Lachiwiri envelopu inali yonenepako.
Ndinati nditsegule pakamwa,
iwo anakweza chala chija chozolowera timawaya.
"Nyuzi ndimawerenga, mwana wanga," anatero,
n'kundipatsa mbali imodzi ya chingwe,
inayo anagwira okha.