Chala Chachikulu pa Basi ya ku Cerro

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndinalemba m'nyuzipepala ya madzulo ku Montevideo.
Ziganizo zanga zinali sitima za katundu:
mutu wafika kale ku doko,
mchira usananyamuke pa siteshoni.
Nyuzipepala inafa. Ine ndinatsala.

Tsopano ndimalemba zidziwitso za kampani ya madzi,
zoti anthu aziwerenga pa foni,
ndipo bwana wanga ndi Maite Olascoaga,
mtsikana wobadwa chaka chomwe ndinagula jekete ili.

Lachiwiri ndinamutulira ndime zisanu
za paipi yophulika ku Cerro.
Ndinayamba ndi chaka chomwe anaikwirira,
manja a amisiri amene anagona kale,
dzimbiri lodya chitsulo pang'onopang'ono
ngati ngongole.
Maite anayamwa mate wake wowawa, fyoo,
nafunsa: "Don Eladio, madzi abwera liti?"
"Zili m'ndime yachinayi."
"Ku ndime yachinayi sikufika munthu."
Ndinauma khosi. Iye anayang'ana wotchi.
"Chabwino. Zipite momwemo."

Madzulo ndinakwera basi, ndili chiimire.
Mphepo ya ku mtsinje inkalowera pa chitseko.
Pansi pa chigongono changa panakhala mayi,
mwana ku dzanja lamanzere,
thumba la buledi lopanidwa ndi mawondo,
foni ku dzanja lamanja.
M'thupi lake lonse
chala chachikulu chokha ndicho chinali pa ufulu.

Ndinasuzumira, ndikuvomera.
Anali kuwerenga zanga.

Chala chinakankha, see,
amisiri anga anadutsa ngati mapolo a magetsi pa windo.
Chinakankhanso,
dzimbiri lija, ngongole ija,
fanizo lomwe ndinalisula theka la ola,
osaliponda n'komwe.
Maso ake sankayenda m'mizere,
ankadumpha, kusaka nambala, kusaka tsiku,
monga munthu wofunafuna kiyi m'chikwama pa mvula.
Basi inagwa m'dzenje, khu!
Mwana analira.
Galasi la foni linada
ndime yachitatu isanathe.

Anatembenukira bambo wa chipewa pambali pake:
"Kodi mwamva kuti madzi abwera liti?"
Bamboyo anangokweza mapewa.
Pakamwa panga panatseguka pokha:
"Mawa, sikisi koloko m'mawa."
Mawu anayi.
Ananditha mpweya umodzi wokha.

"Nanga bwanji osangolemba choncho?"
Sankafunsa ine, ankafunsa foni.
Ndinatsika masiteji awiri ndisanafike kwathu.

Usiku ndinakhala pa tebulo la kukhitchini
kudula ana anga ndi manja anga.
Tsiku ndi ola, pamwamba penipeni.
Mayina a misewu, uliwonse pa mzere wake,
kuti diso lothamanga lipunthwe pa msewu wa kwawo.
Kumene galimoto ya madzi idzaime.
Nambala yoimbira ngati pampopi pakhalabe gwa.
Liwu lililonse ndinalifunsa:
kodi mayi uja angakunyamule ndi chala chimodzi?
"Potengera kuti" anagwa.
"Monga mwa chizolowezi chathu" anagwa osalira.
Mneni ndinamukoka kumchira
n'kumuika kutsogolo, akoke ngolo.

Kufupikitsa kunanditengera nthawi yaitali
kuposa kutalikitsa.
Palibe anandiuzapo zimenezo
m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

M'mawa Maite anawerenga ataimirira,
jasi lake asanavule.
Masekondi asanu ndi atatu; ndinawawerenga.
Sananene kanthu.
Anathira madzi otentha m'chikho cha mate
n'kundipatsira, koyamba chibwerereni.

Koma amisiri aja sindinawataye onse.
Ndinawasiyira mizere iwiri pansi penipeni,
kunsi kwa nambala ya foni,
kumene sikufika munthu.
Mwina tsiku lina wina adzakhala pa mpando,
mwana atagona, madzi akutuluka,
manja onse awiri ali ake.